Maginito a Amayi Masano pa Ndege ya Kunihiko

Ine Kagaya Seizo, mlembi wamkulu wa kaundula mu mzinda wa Yokote ndiponso mwana woyamba m'nyumba ya malemu Kagaya Tokuji, ndasanja makalata awa motsatira masiku ake kuti a m'banja adziwe mmene mng'ono wanga Kunihiko anatsala pang'ono kuchotsedwa pa ntchito yake ya injini za ndege, ndiponso chimene banja linagamula pa nkhaniyo. Okhudzidwa ndi awa: Amayi athu a Masano, a zaka 78, mlongo wathu Fukiko, amene amakhala nawo, Kunihiko, chitsiriza wathu, amene amagwira ntchito ku Kakamigahara, mkazi wake Ritsuko, ndi ine. Makalata amene tinatumiza kumeneko anandibwezera ndi Ritsuko. Sindinasinthe liwu la munthu aliyense, ngakhale pamene pali chipongwe, ndipo malo otere ndi ochuluka.

Kakamigahara, 2 Novembala 1981

Achimwene,

Landirani moni ndi ulemu wonse umene mumafuna, ukatsalako mugawire Amayi ndi Achemwali. Kuno tili bwino. Kodi chipale chofewa chayamba kugwa? Nanga ku ofesi kwanuko anthu akubadwabe ndi kufa motsatira ndondomeko?

Injini imene takhala tikuiwotcha pansi zaka zinayi tsopano ikupita kumwamba. Tiipachika kunsi kwa phiko la ndege yaikulu imene ili ndi injini zakezake, kotero yathuyo ikafa ife sitifa nayo. Ine ndizikhala m'kati, maso pa mageji.

Popeza mumati simudziwa chimene amandisungira kuno, ndifotokoze. M'moto wa injini timabayamo timawaya tomva kutentha. Timawayato timatumiza uthenga kuwiri: ku geji imene ndimayang'ana ine, ndi ku kabokosi kowongolera mafuta, kamene ndinapanga ndine. Kutentha kukafika pa mzere wofiira, kabokosiko kamachepetsa mafuta. Ndi ntchito yomwe ija inu munkagwira pa Chaka Chatsopano, yolanda Abambo botolo nkhope ikafiira, kungoti kabokosi kanga sikalalikira pambuyo pake.

Nditumizireni daikoni wofukiza wa Amayi, muzu woyera uja amasunga mu mbiya, wa kuno akungokhala ngati ukutafuna thabwa. Amayi musawauze kuti ndizikwera ndege.

Mng'ono wanu,
Kunihiko

Yokote, 9 Novembala 1981

Kunihiko,

Kalata yako ndalandira. Tonse tili bwino. Chipale chinagwa pa 6. Kalatayo ndinawawerengera Amayi yonse, pamodzi ndi mzere wakuti ndisawauze, pakuti kalata siwerengedwa theka.

Kutacha anakwera masitepe onse a kachisi wa paphiri, ndi mawondo awo omwe aja, kukakutengera chithumwa. Achisokera m'kathumba kofiira ndi manja awo. M'phukusi muli daikoni wofukiza anayi, mpunga watsopano makilo asanu, masokosi, ndi chithumwacho.

Malamulo ake ndi atatu. Tsiku limene sukuuluka, chikhale pa shelefu ya milungu kunyumba kwako, pakuti munthu sagwa ali pansi. Ukakwera ndege, uchipachike pamene maso ako amakhala nthawi zonse. Lachitatu ukulidziwa: chithumwa satsegula. Sindikufuna kumva kuti lina mwa malamulowa lasiyidwa.

Mkulu wako,
Seizo

Pansi pake Fukiko anawonjezera ndi pensulo, ine osadziwa: "Kuni, umvere, apo ayi akufufuta mu kaundula. Ali ndi labala."

Kakamigahara, 6 Disembala 1981

Achimwene,

Moni kwa nonse. Phukusi linafika. Daikoni watha, ndipo ngati pali wina ali yekha mu mbiya, musamusiye asungulumwe.

Chithumwa chikulemera. Milungu ya ku Yokote yanenepa chaka chino, kapena Amayi anaipempha kuti ibwere ndi akazi awo. Ndachipachika pa kamsomali pambali pa geji ya kutentha, monga mwa lamulo lachiwiri. Bwana wanga a Orihara, amene sanawonekepo akugwadira chinthu chopanda manambala, amachiweramira tisananyamuke. Woyendetsa ndege naye akuti chisamasowe.

Tauluka katatu. Injini siinafe. Pali kavuto kakang'ono: kumwamba kamuvi ka geji kakumadutsa mzere wofiira, koma kabokosi kanga kakumangothirabe mafuta ngati sikakumva. Tikatera n'kuyesa pansi, zonse zili bwinobwino. Mwina kakuchita chizungulire. Tikonza sabata ino.

Kunihiko

Ndemanga ya wosanja: Pambuyo pa kalata iyi panadutsa masabata asanu popanda liwu. Kunihiko sanabwere kwathu pa Chaka Chatsopano, ndipo ngakhale khadi ya chaka sanatumize, chinthu chimene m'nyumba ya Kagaya chinali chisanachitikepo chiyambire nkhondo.

Yokote, 8 Januwale 1982

Kunihiko,

Ndikuyembekeza kuti uli moyo, pakuti imfa yako bwenzi itadutsa pa desiki yanga. Amayi analandira makhadi 41. Wogulitsa makala anatumiza. Mkazi wa malemu mphunzitsi wako, amene saona, anatumiza. Iwe ayi. Amayi anawerenga mulu wonsewo kawiri, kenaka anati mwina a positi ali ndi chimfine.

Ngati kukwera ndege kwakuphunzitsa kuyang'ana kwanu ngati kadontho, unene. Ngati ndi Ritsuko amene sakufuna chipale cha kuno, unenenso, tidziwe polemba. Ndikufuna yankho lisanathe mwezi uno, ndipo unditsimikizire kuti malamulo atatu aja akutsatidwa.

Seizo

Yokote, 20 Januwale 1982

Kuni,

Moni wa kwa mlongo wako, amene sakuwerengera masiku. Kalata ya Achimwene usaiope, anailemba katatu kuti ichepe ukali, ndiye waona yofatsayo.

Nkhani za kuno ndi izi. Chipale chafika pa zenera. Mwana wa ansembe a kukachisi wagula njinga yamoto, milungu ikugona ndi thonje m'makutu. Amayi ayamba kusoka chofunda china, ndipo nyumba yonse yasanduka munda wa mapini. Ine ndaponda atatu, Achimwene aponda imodzi. Imodziyo ndiyo inalowa m'buku lawo. Ukukumbukira maginito aja okhota ngati nsapato ya hatchi, amene Amayi ankatolera mapini chibadwire ife? Akuti anasowa. Akunamizira mphaka. Achimwene anafunsa mphakayo, kenaka analemba m'buku la katundu wa m'nyumba kuti "anasowa pa 8 Novembala, wolakwa sanadziwike." Ndawauza kuti ndigula ena, Amayi akukana, akuti akalewo adzabwera okha.

Lemba, mbuzi iwe. Ngakhale mzere umodzi wopempha daikoni.

Fukiko

Kakamigahara, 3 Febuluwale 1982

Alamu,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa Amayi ndi kwa alamu a Fukiko. Pepani kuti ndikulemba ine, ndipo bambo a m'nyumba muno sakudziwa. Chipale cha kwanuko sindidana nacho, kalata yanu ndinaiona.

Makhadi anawalemba onse, koma ali m'kabati. Anati sangatumize uthenga wakuti chaka chayamba bwino pamene sichinatero. Kavuto kamene anakuuzani kaja sikanathe. Auluka kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse kamuvi kamadutsa mzere wofiira, kabokosi kawo osachepetsa mafuta, mpaka a Orihara amalamula kuzimitsa injini n'kubwerera. Asintha timawaya tomva kutentha katatu. Asintha geji. Anaika kabokosiko m'chipinda chozizira, anakagwedeza pa makina masiku awiri. Pansi sikalakwa ngakhale kamodzi. Akuluakulu a kampani atsimikiza kuti kabokosiko kamagontha kakafika kumwamba, ndipo injini yogontha chotero ikhoza kusungunuka ndi anthu m'ndege.

Pa 15 Malichi komiti ikumana. Pakapanda yankho, kabokosiko kataidwa, agula ka kunja, ndipo iwo awatumiza ku nyumba yosungira katundu kukayang'anira mabawuti. Zaka zinayi zathera mu kabokosi kameneko. Masiku ano amaseka kwambiri pa chakudya, ndipo inu mukuwadziwa akamaseka chonchi.

Malamulo anu amatsatira onse. Tsiku louluka amatsitsa chithumwa pa shelefu, akabwera amachibwezera.

Mlamu wanu,
Ritsuko

Ndemanga ya wosanja: Nditawerenga kalatayi ndinayala makalata onse pa tebulo pamodzi ndi buku la katundu wa m'nyumba, monga ndimachitira kaundula akasemphana. Za injini sindidziwa, koma masiku ndimawadziwa. Maginito anasowa pa 8 Novembala. Phukusi linapita pa 9. Chithumwa chinali cholemera. Vuto limaoneka chithumwa chikakhala pambali pa geji, ndipo limasowa chikakhala pa shelefu.

Lamlungu masana ndinapita kwa Amayi. Ndinawapeza akusoka, Fukiko akuthira tiyi. Ndinawafunsa mwaulemu ngati akukumbukira pamene anaona maginito aja komaliza. Anayankha kuti munthu wa zaka zawo sakumbukira zitsulo. Ndinawafunsa chimene chili m'kathumba kofiira. Anati chithumwa. Ndinafunsa ngati chili chokha. Apa anayamba kufotokoza za mtengo wa ulusi. Fukiko anawauza kuti asavutike, pakuti Achimwene abwera ndi buku.

Amayi anaika singano pansi.

"Ndege ndi chitsulo," anatero. "Ikagwedezeka, mwana wanga agwira pati? Ndinati amamatire."

Ndinawakumbutsa kuti chitetezo anali atapempha kale kukachisi.

"Milungu imatanganidwa kumapeto kwa chaka, Seizo. Ndinangoithandiza."

Fukiko anatuluka panja kukaseka m'chipale. Atabwera, ndinawawerengera Amayi kalata ya Ritsuko, yonse. Kenaka anandipempha kuti ansembe asamve, ndiponso amayi anzawo osesa kukachisi asamve, chifukwa kuwonjezera chitsulo pa chithumwa ndi kuuza mulungu kuti sakukwana. Anati akhala akusesa masitepe amenewo zaka makumi atatu, ndipo sakufuna kuyamba kuwakwera ataweramitsa mutu.

Yokote, 8 Febuluwale 1982 (yofulumira)

Kunihiko,

Moni. Zonse ndazimva kwa mkazi wako, amene ali ndi nzeru kuposa iwe, ndipo usamukalipire. Mawu anga a pa 8 Januwale okhudza iye ndikuwabweza.

Chithumwa usatsegule. Ungochiyendetsa pamwamba pa mapini a Ritsuko, uone chimene chichitike. Ukatero upite nacho pa geji yako ndege ili pansi. Lamulo lachiwiri ndalichotsa kuyambira lero.

Seizo

Kakamigahara, 4 Malichi 1982

Achimwene,

Moni kwa inu, kwa Achemwali, ndi kwa mainjiniya aakulu a m'banja mwathu, Amayi.

Mapini analumpha onse. Chithumwa chinasanduka nungu. Ritsuko anakhala pansi, ine ndinangoima ngati mtengo wa magetsi.

Kutacha ndinaitana a Orihara m'ndege, ili pansi, injini ikulira bwinobwino. Ndinatulutsa chithumwa m'thumba n'kuchipachika pa kamsomali. Kamuvi kanakwera kudutsa mzere wofiira. Ndinachichotsa, kanatsika. Ndinabwereza kanayi, chifukwa nkhope ya a Orihara inali yokoma kuyang'ana. Kabokosi kanga sikanagonthepo, Achimwene. Kankamva kutentha koona, amene ankanama ndi geji, ndipo tinkasintha geji n'kupachikanso chithumwa pambali pa yatsopanoyo.

Kenaka a Orihara anaulula kuti tsiku lina mu Januwale anachiyang'ana chithumwacho n'kuganiza zochisuntha. Koma anati, ndani angachotse chithumwa cha mayi wa mnzake m'ndege imene iyenso akwera? Amuna khumi ndi awiri a madigiri anamasula ndege yonse, bawuti ndi bawuti, koma pa tsiku louluka ankalambalala kathumbako ndi ulemu.

Dzana tinauluka popanda chithumwa. Woyendetsa ndege anadandaula, anabweretsa chake, ndipo tinayamba tachiyesa ndi mapini. Tinakankha injini mpaka pa mzere wofiira, kabokosi kanachepetsa mafuta pomwepo, mwaulemu, popanda ulaliki.

Tsono nali fupa. Komiti siikhulupirira ulendo umodzi wabwino pambuyo pa maulendo asanu ndi awiri oipa. Ikufuna lipoti lonena chimene chinanamiza geji, chinachokera kuti, ndipo anachiika ndani. Lipotilo liwerengedwa ndi anthu makumi anayi, lisungidwa zaka makumi atatu, ndipo nkhani zotere zimayenda: mlamu wake wa woyendetsa ndege kwawo ndi ku Omagari, pafupi nanu pomwepo. A Orihara akuti akhoza kulemba kuti chifukwa sichinadziwike, koma akatero kabokosi kataidwa ndipo ine ndipita ku mabawuti.

Ndaganiza, ndipo ndikuona kuti mabawuti si oipa. Sayankha, satentha. Sindingaike Amayi pa pepala loti amuna makumi anayi aziseka pomwa mowa, kenaka iwo azikwera masitepe a kachisi anthu akuloza. Koma poti inu mumati nkhani ya banja sagamula munthu mmodzi, ndikubwera Loweruka ndi Ritsuko. Lipoti likufunika pa 12.

Kunihiko

Zokambirana za banja, Yokote, Lamlungu pa 7 Malichi 1982, nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'chipinda cha guwa la Abambo. Analipo: Amayi, ine, Fukiko, Kunihiko, Ritsuko. Mphaka analowa ndipo sanatulutsidwe, popeza Fukiko anati mlandu wake uyenera kufufutidwa iye alipo.

Kunihiko anaika kathumba kofiira pa tebulo n'kubwereza maganizo a m'kalata yake. Anati ku nyumba ya katundu amaweruka msanga, ndipo adzakhala ndi nthawi yolemba makhadi. Palibe anaseka.

Ine ndinapereka ganizo lakuti lipoti linene kuti maginito anaikidwa ndi "wachibale," popanda dzina. Fukiko anati Yokote yense adzadziwa kuti wachibale wosoka tizithumba ndi mmodzi, pokhapokha ngati Achimwene akufuna kuvomera kuti amasoka mobisa. Ritsuko sanapereke ganizo, koma anatchula kuti amuna awo atsika makilo asanu ndi limodzi.

Apa Amayi analowererapo. Anafunsa Kunihiko kuti ndegeyo imalemera bwanji. Iye anawauza. Anafunsa kuti inabwerera kangati. Anati kasanu ndi kawiri. Anafunsa kuti amuna ophunzira amene anaifufuza anali angati, ndipo kwa miyezi ingati. Atamva, anatenga lumo, anasomola ulusi wa kathumba kawo osakhudza chithumwa cha m'kati, natulutsa maginito. Anawayendetsa pa mkeka pafupi ndi bondo lawo, ndipo anatola mapini anayi.

"Zaka makumi anayi akutola mapini, palibe anawatchulapo," anatero. "Lero abweza ndege kasanu ndi kawiri, ndiye muwalembe kuti wachibale?"

Kunihiko anawakumbutsa za ansembe ndi za amayi osesa.

"Kwa ansembe ndipita ndekha mawa, asanamve kwa a ku Omagari. Ndikawauza kuti ndinakayikira mulungu wawo, ndipo mulunguyo anakusunga maulendo asanu ndi awiri ngakhale ndinamupachika chitsulo m'khosi. Akafuna aike zimenezo pa chikwangwani." Anamuyang'ana mwana wawo. "Sindinakwere masitepe aja kuti ukawerenge mabawuti. Lemba dzina langa lonse, ndipo usalakwitse zilembo."

Kunihiko anawerama mpaka mphumi kugunda mkeka, ndipo anakhalitsa pamenepo. Fukiko anamuuza kuti adzuke asanabayidwe ndi pini.

Ndinali nditayamba kulemba chigamulo pamene Amayi anandiimitsa. Anati iwo anangosoka, ndipo chithumwacho chikanakhala m'thumba la jekete bwenzi palibe vuto. Anafunsa kuti ndani analamula kuti chipachikidwe pamene maso amakhala nthawi zonse. Ritsuko anatulutsa kalata yanga ya pa 9 Novembala. Ndinaiwerenga mokweza, yonse, pakuti kalata siwerengedwa theka. Fukiko anandibwereka cholembera chake.

Zogamulidwa:

Kuti Kunihiko apereke lipoti loona pa 12 Malichi, lonena kuti geji inanamizidwa ndi maginito otolera mapini, amene anasokeredwa m'kathumba ka chithumwa ndi Kagaya Masano wa ku Yokote, ndipo anapachikidwa pambali pa geji molamulidwa ndi Kagaya Seizo, mlembi wamkulu wa kaundula.

Kuti chithumwa chibwerere kukachisi chosatsegulidwa, Amayi akachipereke okha, ine ndiwaperekeze pa masitepe.

Kuti maginito akhale ku Yokote, ndipo asatuluke m'bokosi la zosokera kupita ku chinthu chilichonse chouluka.

Kuti m'buku la katundu wa m'nyumba mawu akuti "wolakwa sanadziwike" afufutidwe, ndipo mphaka alibe mlandu.

Kuti makhadi a chaka amene ali m'kabati ku Kakamigahara atumizidwe, ngakhale ndi Malichi.

Anavomereza ndi kudinda: Kagaya Masano, amene anadinda poyamba ndiponso mwamphamvu, Kagaya Fukiko, Kagaya Ritsuko, Kagaya Kunihiko, atafunsa Amayi kachiwiri ndi kukalipiridwa, ndi ine, Kagaya Seizo, amene dzina langa lili pa mzere wachiwiri wa lipotilo, lolembedwa popanda cholakwa.